Msoko Wachiwiri

Ntchito yanga ndi ya utelala. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikupalasa makina pakhonde la sitolo ina pa Kampepuza, m'boma la Ntcheu, ndipo pa zaka zonsezi ndaphunzira kuti ntchito yovuta kuposa zonse si kusoka chovala chatsopano ayi, koma kukonza chimene wina adadula kale molakwika. Nsalu yatsopano imakumvera. Koma ikabwera yodulidwa kale, umayamba waitembenuza uku ndi uku, kufunafuna pomwe patsala kansalu koti ugwirepo. Sindidaganizepo kuti tsiku lina phunziro limeneli ndidzalimva kuchokera pakamwa pa dokotala, likunena za dzanja la mwana wanga, ndipo wolakwitsayo, ngakhale sindidagwire mpeni, n'kukhala ine ndemwe.

Mwana wathu wachisamba, wamkazi, adabadwa mu June chaka cha 2011, kukuzizira monga kumachitira kwathu kuno nyengo imeneyo. Nditafika kuchipatala ndi timalaya tomwe ndidamusokera ndekha, ndidapeza amayi ake atakhala chete, maso ali kukhoma. Adavundukula kansalu pang'onopang'ono osanena kanthu. Kudzanja lamanja la khandalo kudali zala zamanthu ziwiri, chilichonse ndi kachikhadabo kake. Zidatulukira patsinde limodzi, n'kutalikirana pakati, kenaka n'kudzayang'anizana kunsonga ngati zopanira za nkhanu.

Namwino wachikulire yemwe adali m'chipindamo adaona m'mene nkhope yanga idagwera. Adanditengera pambali nati, "Bambo, mwana ali bwinobwino, akuyamwa, akulira. Kachala aka musakamange ndi ulusi, kali ndi fupa. Dikirani akwanitse chaka, mudzapite naye kwa madokotala a mafupa." Ndidavomera ndi mutu, koma mawuwo adalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Patatha masiku atatu tili kunyumba, apongozi adatuma kamnyamata kwa ine. "Akuti muwapatseko ulusi wakuda wolimba uja." Ndidadziwa ntchito yake. Kwathu kuno si chachilendo mwana kubadwa ndi kachala kolendewera kumbali ya chala chakaniye, ndipo amayi akuluakulu amakamanga patsinde mpaka kaume n'kuthothoka. Apongozi adali atamangapo ana angapo a m'mudzi mwawo. Koma atalitenga dzanja la mdzukulu wawo n'kulisisita, adabweza ulusi uja. Adauza mwana wawo kuti ichi si chija amachidziwa iwo, ichi n'cholimba, ndipo sangachiyerekeze. Lero ndikakumbukira ndimaona kuti pa anthu tonse a pakhomo paja, wanzeru adali gogo wosapita kusukulu uja, amene adadziwa pothera nzeru zake.

Chimene chidatisowetsa mtendere chidali pakamwa pa anthu. Ena adati amayi ake adadya nthochi zophatikizana ali oyembekezera. Ena adati kumtundu kwa ine kuli zinthu. Wina adandiuza moseka pakhonde pomwepo, anthu akumva, kuti telala wawonjezera mpaka chala kuti mwana adzasoke msanga. Ndidaseka nawo, koma madzulo ake nsima sidatsike. Mkazi wanga adayamba kumuveka mwana sokosi kudzanja popita kusikelo, ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni. Miyezi 12 imene adanena namwino ija idaoneka ngati zaka.

Mwana atakwanitsa miyezi inayi, ndidamva za chipatala china chaching'ono cholipira kumene ankati ntchito yotereyi amathana nayo tsiku limodzi. Sindidafunse munthu, ngakhale amalume ake a mwana. Ndidatenga ndalama zomwe ndinkasungira makina achiwiri, tidapita. Wachipatalayo adayang'ana dzanja, adafunsa ngati tikufuna achotse chakunja, ine ndidati inde. Sadajambule X-ray, nanenso sindidadziwe kuti n'kofunika. Tidabwerako madzulo mwana ali ndi bandeji, zala zisanu. Chilonda chidapola bwino, sokosi ija idatayidwa, ndipo pakamwa pa anthu padatsekeka. Ndidadziona ngati bambo wodziwa kuteteza banja lake.

Paja amati kuthamanga sikufika. Chala chotsalacho chidayamba kupendekeka pang'onopang'ono, mwakuti ife okhala nacho tsiku ndi tsiku sitidazindikire msanga. Pofika zaka zinayi, patsinde chidali chitagwera kumbali ya chala chamkombaphala, pomwe nsonga yake idakhotera kunja, kuloza komwe kudali chinzake chija. Patsinde pomwepo padatsala kafupa kotukuka ngati mfundo ya nsungwi. Mwana akati atsine kanthu, chalacho chinkagwedera ngati chikhomo chokhomedwa pamchenga. Anzake akamaswa mtedza ndi zala, iye ankaswa ndi mano. Supuni ankaifumbata ndi dzanja lonse.

Ndiulule pano chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Nditaona kuti mwana akulephera kumanga mabatani, sindidapite naye kuchipatala. Ndidangosiya kumusokera zovala za mabatani. Madiresi ake onse ndidayamba kuika lasitiki m'chiuno ndi khosi lotakasuka loti angolowetsa mutu. Ndinkadziuza kuti ndikumuchepetsera ntchito, chonsecho ndinkabisa chilema chimene ndidathandiza kupanga, kuti ndisamachione m'mawa uliwonse. Sokosi ija idabwereranso, koma ulendo uno idavala maso anga.

Adayamba sukulu mu 2017. Pensulo ankaipanikiza pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati, chamanthu chili pambali ngati mlendo. Ankalemba, koma mochedwa, ndipo dzanja linkatopa tsamba lisanathe. Anzake sadachedwe kumupezera dzina. Ankamutcha Ngowe. Tsiku lina ali Sitandade 2 adabwera kukhonde, n'kukhala pansi pafupi ndi makina, akutola tizidutswa ta nsalu. Osandiyang'ana adafunsa, "Ababa, agogo akuti ndidabadwa ndi zala ziwiri apa. Chinacho mudachitaya kuti?"

Phazi langa lidaima pa chopalasira. Ndidati chidatsala kuchipatala. Iye adati, "Mwina mudataya chabwinocho." Adanena mosakwiya, monga momwe mwana anenera kuti kunja kukugwa mvula, n'kupitiriza kutola nsalu zake. Usiku umenewo sindidagone.

Amene adatitsegula maso adali aphunzitsi ake, omwe mwana wa mchemwali wawo adawongoledwa mapazi opindika ku Blantyre. Adatiuza za chipatala cha Beit CURE, chomwe chidatsekulidwa mu 2002 pafupi ndi chipatala chachikulu cha Gulupu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi mafupa a ana. Nditaitula nkhaniyi kunyumba, mkazi wanga adakana kwamtuwagalu. "Mudamudulitsa kale, bambo ake. Mukufuna akamudulenso? Nanga chikakaumiratu?" Funso lake lidali la nzeru, ndipo ine ndidalibe nkhope yoti n'kumutsutsira. Ulendo uno ndidachita chimene ndidalephera kuchita poyamba: ndidaitana amalume ake a mwana ndi apongozi, tidakhala pamphasa. Ndidavomera pamaso pawo kuti ndidafulumira ndiponso sindidafunse. Amalume adati safunsa adadya phula, koma kukafunsa kokha sikudula munthu. Tipite tikamve, tikapanda kukhutira tidzabwerako ndi chala chathu chokhotacho.

Tidanyamuka m'bandakucha tsiku lina mu 2019, mwana ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Minibasi idadzera pa Chingeni, Zalewa ndi Lunzu, ndipo powoloka Shire mwanayo adakanikiza mphuno pawindo, poti kadali koyamba kuona mtsinje waukulu chotero. Ife akuluakulu sitidayankhulane njira yonse.

Dokotala yemwe tidakumana naye adayamba wajambula manja onse awiri. Kenaka adamupatsa mwana kiyi, batani ndi pensulo kuti agwire, iye akuyang'anitsitsa. Adagwedeza mfundo iliyonse ya chalacho uku ndi uku. Atatha adafunsa ntchito yanga, ndipo nditamuuza adamwetulira n'kutenga pepala.

"Ndiye mumva msanga, bambo," adatero. "Anthu amati mwana wabadwa ndi chala chowonjezera. Kunena zoona, sichowonjezera. N'chala chimodzi chimene chidagawika pawiri. Zili ngati nsalu ya malaya amodzi mwaidula kuti mutulutsemo awiri. Onse awiri amachepa, ndipo mabatani ena amapita uku, ena uku."

Adatifotokozera kuti dzanja la mwana limaumbika pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu n'chitatu ali m'mimba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Limayamba ngati kachipande, kenaka zala n'kumapatukana. Nthawi zina mbali ya chala chamanthu imapatuka kopitirira muyeso. Kawirikawiri zimachitika kudzanja limodzi, popanda wina wa kumtundu amene adabadwapo choncho, ndipo sizichokera ku chimene mayi adadya kapena kuchita. Atamva zimenezi mkazi wanga adaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Kwa zaka zisanu ndi zitatu adasenza mlandu wa nthochi zija yekhayekha, ine osadziwa.

Dokotala uja adati kachala kakumbali ya kaniye, kamene apongozi ankamanga, n'kofala kwambiri pakati pa anthu akuda, ndipo nthawi zambiri kamangolendewera pakhungu, ngakhale nakonso n'kwabwino kukachotsetsa kuchipatala poti ulusi umatha kusiya kachotupa kowawa. Koma cha kumbali ya chamanthu n'china. Adatchula dokotala wina dzina lake Wassel, amene mu 1969 adagawa zala zoterezi m'magulu asanu ndi awiri, potengera pomwe fupa lagawikira. Cha mwana wathu chidali cha gulu lachinayi, lomwe ndilo lofala kuposa onse: zala ziwiri, chilichonse ndi mafupa ake awiri, zitakhala pamutu umodzi wotambalala wa fupa la m'chikhatho.

Kenaka adajambula chimene chidalakwika. Mfundo ya patsinde pa chala imamangidwa ndi timitsempha tolimba mbali zonse ziwiri, ngati zingwe zokokera mzati kuti uime chilili. Zala zikakhala ziwiri, chingwe cha mkati chimagwira chala cha mkati, cha kunja chimagwira chala cha kunja. Kumbali ya kunja komweko n'kumenenso kumathera mnofu wa m'chikhatho umene umakokera chala chamanthu kutali ndi zinzake. Wochotsa chala cha kunja akangodula n'kutaya, amataya pamodzi ndi pogwira chingwe ndi mnofu uja. Mzati umatsala ndi chingwe cha mbali imodzi, ndiye umagwera komweko. Nayo mitsempha yopinda ndi kuwongola nsonga siidutsa pakati pa fupa, imadzera m'mbali, choncho mwana akamakula imakokera nsongayo kwina. Kafupa kotukuka kaja kadali mpando wa chala chochotsedwacho, umene udayenera kusemedwa tsiku lomwelo.

"Kusankha kuchotsa chakunja sikudali kulakwa," adatero poyang'ana mwanayo, ngati adamva funso lake la pakhonde lija. "Nthawi zambiri ifenso timasunga cha mkati. Chabwinocho ndi chimene uli nachochi. Kungoti katundu wake wina adapita ndi chinzake." Adati ntchito yoyenera, imene amakonda kuichita mwana ali ndi chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, si kudula kokha ayi koma kumanga chala chimodzi kuchokera ku ziwiri: kusunga chingwe ndi mnofu wa chochotsedwacho n'kuzisokerera pa chotsalacho. Pamene zala zonse ziwiri zili zazing'ono mofanana, pali njira ina yakale, ya dokotala wa ku France dzina lake Bilhaut, yochotsa mbali zoyang'anizana za zala zonse n'kulumikiza zotsalazo kukhala chala chimodzi. Adawonjeza kuti ngakhale opaleshoni yoyamba itachitika mwaluso, ana ena amafunikabe yachiwiri akamakula, n'chifukwa chake mwana wotere amayenera kumaonedwa chaka ndi chaka.

Sadatilonjeze zodabwitsa. Adati chalacho chidzakhalabe chowonda kuposa cha kumanzere moyo wake wonse. Adati chikawongoka n'kulimba, mwina nsonga yake sidzapindika kwambiri, ndipo chipsera chidzatalika. Koma chala chamanthu, adatero, chimasenza pafupifupi magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja, ndipo chimene chimafunika kwambiri pa icho ndi kulimba, kuti zala zina zikhale ndi potsamira. Ndidakumbukira mwambi uja wakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndidali ndisanaganizepo kuti pa zala ziwiri zoswa nsabwezo, zonse ndi zamanthu.

Kenaka adachita chinthu chimene ine bambo wake ndidali ndisanachitepo. Adatembenukira kwa mwini dzanja. "Nanga iwe ukufuna chiyani? Ukhoza kukana." Mwanayo adayang'ana amayi ake, adayang'ana ine, n'kunena motsitsa mawu, "Ndikufuna ndizilowetsa ulusi pasingano ngati ababa." Mkazi wanga adapukuta misozi nati, "Chitani, adokotala."

Tsiku la opaleshoni adamutenga m'mawa kupita naye kufiyeta atavala kagauni kobiriwira kosokedwa mosasamala, kamene ndidakayang'ana misoko yake pofuna kuti maso anga apeze chochita. Tidadikira pabenchi maola ngati awiri. Potuluka, dokotala adatiuza zimene adachita, ndipo ndidazimva ngati telala mnzanga akundifotokozera m'mene wakonzera jekete. Adasema kafupa kotukuka kaja. Adadula kachidutswa kooneka ngati mphero pafupa kuti chala chiime mowongoka, mosamala kuti asakhudze malo amene fupa la mwana limakulira. Adafunafuna mnofu uja, n'kuupeza utabwerera m'chikhatho, ndipo adaukoka n'kuusokerera pamalo pake. Adamanga chingwe chatsopano cha kunja ndi minyewa yomwe idatsala pamenepo, ndipo mitsempha ya kunsonga adaisunthira pakati. Pomaliza adalowetsa kawaya kowonda m'kati mwa chala, kuchokera kunsonga, kuti zonse zigwirane zisanasunthe, monga timachitira ndi mapini tisanapondetse makina. Sitidalipire kanthu pa ntchito yonseyi. Ndalama zathu zidathera pa minibasi ndi chakudya basi.

Adakhala ndi chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Nyengo imeneyo adaphunzira kudya ndi dzanja lamanzere, ndipo apongozi, amene sadalolepo mwana aliyense kutema nsima ndi manzere pakhomo pawo, adangoyang'ana kumbali. Titabwerera ku Blantyre adachotsa chikhakha ndi kawaya kaja. Chala chidatuluka chotuwa, chowonda, chouma ngati kamtengo, koma chowongoka. Mwanayo adachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalira poti sichinkapindika. Mtima wanga udagwa. Ndidati mawu a mkazi wanga aja apherezeka.

A mafizo adatilimbitsa mtima kuti ndi m'mene zimayambira. Adatiphunzitsa zochita kunyumba: kukhudza nsonga ya chala chilichonse ndi chamanthu, kukanya dongo, kutola nyemba imodziimodzi kuchoka m'mbale ina kuika m'mbale ina. Chovuta kwambiri sichidali chala koma chizolowezi. Kwa zaka zambiri dzanja lidaphunzira kugwira ntchito mochilambalala chala chimenechi, ndipo ngakhale chitawongoka, pensulo inkathawirabe pakati pa zala ziwiri zija. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkakhuthula chitini changa cha mabatani pamphasa, iye n'kumasankha, akuda kwaokha, oyera kwaokha, amayi ake akuyang'anira kuti asabere ndi zala zina. Patatha miyezi itatu ndidamusokera bulauzi ya mabatani asanu ndi limodzi kutsogolo, yoyamba chibadwire. Adatha nthawi yaitali akulimbana nayo, ife tikudziletsa kumuthandiza. Atamanga lomaliza adatuluka panja osanena kanthu, kukaionetsa kwa agogo ake.

Sindidalembe izi kuti ndiloze chala munthu amene adadula poyamba uja. Adachita chimene ndidamupempha, ndipo ndidamupempha chimene anthu adandikankhira. Tonse tidayang'ana chiwerengero cha zala, palibe adayang'ana ntchito ya dzanja. Opaleshoni yoyamba idachiza manyazi anga. Yachiwiri ndiyo idali ya mwana. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo kudanditengera zaka zisanu ndi zitatu kuti ndikuone.

Chaka chatha mayi wina wachitsikana adabwera kukhonde kudzasoketsa chilundu, khanda lili kumsana, dzanja limodzi litavekedwa sokosi kukutentha. Ndidaimitsa makina. Ndidamupempha mwaulemu kuti andionetse, ndipo atazengereza ndidamuuza nkhani yonseyi, osabisa mbali yanga. Ndidamuuza kuti asamange ulusi, asathamangire wodula msanga, afunse za X-ray, ndipo afunse wochita opaleshoniyo funso limodzi: mukachotsa ichi, chotsalachi muchimanga bwanji? Ndidamuuzanso kuti ngakhale amene adadulitsa kale chala n'kukhota asataye mtima, poti msoko wolakwika umasomoleka. Kaya adamvera kaya sadamvere, sadabwerenso kudzandiuza. Ndikudziwa m'mene mawu abwino amalowera khutu ili n'kutulukira linalo, pamene pakamwa pa anthu pakukuwotcha kumsana.

Mwana wanga pano ndi namwali wa kusekondale. Chala chake chamanja n'chowondabe, chipsera chikuoneka, ndipo nsonga yake imapindika theka la m'mene ipindikira ya kumanzere. Kukazizira kwambiri amati chimamva kuwawa pang'ono. Dzina lija la Ngowe lidafa lokha. Sakufuna kudzakhala telala, akuti akufuna za unamwino, ndipo ine sindikumukakamiza. Koma maso anga ayamba kuchita chidima, makamaka dzuwa likapendeka, mwakuti diso la singano limandizemba. Akakhala patchuthi amabwera kukhonde madzulo kudzandithandiza kulongedza. Ndikalimbana ndi singano kawiri katatu, amangotambasula dzanja osayankhula. Amanyowetsa nsonga ya ulusi pamilomo, amautsina pakati pa chamanthu ndi chamkombaphala, n'kulowetsa kamodzi kokha.

"Kwalowa, ababa," amatero. Ine n'kupalasa makina.